Chilembo Chosalankhula

Loweruka ndimanyamuka ku Mabvuku kusanayere.
Kombi yoyamba imandilavula m'tauni,
yachiwiri imakwera nane ku Mount Pleasant
kumene agalu anazolowera fungo langa
koma mlonda amandifunsabe dzina.

Rukudzo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Amandidikira patebulo lagalasi, miyendo ili lendelende,
pensulo yake yatha kumutu ndi mano.
Mayi ake akufuna kuti pofika Novembala
azilankhula ngati owerenga nkhani pa kanema.
Ndalama yanga amaipanikiza ndi mphika wa maluwa
kuti manja athu asakumane.

Lero tafika pa liwu la mpeni.
Waliyang'ana, waliyang'ananso.
Nanga chilembo chakutsogolochi chikutani apa
ngati sitichitchula?
Ndati, chilembe basi,
ukachisiya akuchonga ndi inki yofiira.
Ndiye chimangoima?
Eya, mwanawe. Chimangoima.

Sindinamuuze za a Jailosi, bambo a mayi anga,
amene anachoka ku Ntcheu ndi bulangete limodzi
nadzaphika m'nyumba ina yakonkuno,
misewu itatu kuchokera pa geti ili,
zaka makumi atatu ndi ziwiri.
Oyamba kudzuka,
thaulo pamkono, kuseri kwa mpando wa bwana, zii.
Chingerezi chawo chonse chinali mawu asanu ndi awiri
ndipo anayi mwa iwo anali ovomera.
Mipeni ya m'nyumbamo ankanola okha.

Ine ndili nawo masauzande, mawuwo.
Ndimawagulitsa pa ola
ngati mmene Mai Tinevimbo amagulitsira tomato pa siteji,
mulu uwu dola, kaphulitso pamwamba.
Tsiku lina lilime linanditerera,
L ndi R anasinthana malo mkamwa mwanga
ndipo Rukudzo anaseka mpaka kugwetsa kapu.
Ndinaseka naye. Thukuta linali kumsana.

Madzulo foni ndimaitsamiritsa pa chitini cha shuga.
Uko ku Dzivarasekwa, Lonjezo wakhala pa chigubu,
kope lili pabondo,
mng'ono wake akusuzumira ndi diso limodzi.
Bambo ake amayendetsa thiraki ya ku Beira,
amalipira akabwera,
nthawi zina ndi dola, nthawi zina ndi nsomba zouma
zokulunga m'nyuzipepala ya Chipwitikizi.

Tikuwerenga za mtsikana wosewera m'chipale chofewa.
Lonjezo akuti, kodi chimanunkha bwanji?
Sindikudziwa. Tipitirize.
Netiweki ikumugwira kukamwa kuli yasa,
liwu theka lili kwa iye, theka lasochera
penapake pamwamba pa madenga a Warren Park.
Ndikudikira.
Bandulo ikudontha ngati mpope wa panja.

Wabwerera ali pakati pa funso lina.
Aphunzitsi, akuti inu ndi ife ndi amodzi,
nanga m'chilankhulo cha agogo
muli chilembo chosalankhula?
Wafunsa m'Chishona.
Chichewa chake ndi mawu atatu okha:
zikomo, bwera, ndi lina lotukwana
limene anatola kumaliro.

Ndati ayi.
Kwathu ukalemba chinthu, uchitchula.
Ndiye n'chophweka, akutero, bwanji osaphunzitsa chimenecho?
Ndatsegula pakamwa kuti ndinene za mayeso a giredi seveni,
za mafomu, za maofesi a makapeti,
zakuti palibe anandipanikizirapo ndalama ndi mphika wa maluwa
kuti mwana wake adziwe kunena kuti ndamva.

Magetsi azima.

Nkhope yake yatsala pagalasi kamphindi,
kenaka ndikudziona ndekha.
Kwa aneba jenereta yatsokomola kawiri, yakana.
Ola lathu linatsala ndi mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
ndazilemba m'kabuku ka ngongole
mbali yanga.

Ndapapasa machesi pawindo.
Mawa ndi Lamulungu, sindiphunzitsa.
Ndidzamutumizira liwu limodzi laulere pa foni,
mwina mpeni,
aone yekha kuti m wakutsogoloyo
ngakhale milomo ili chitsekere
amamveka.